Masamba a Gwafa M'buku la Mng'ono Wanga

Ine kulemba ndaphunzira mano atayamba kale kugwedera, ku sukulu ya kwacha, kuseri kwa tchalitchi chathu. Ndimalemba monga ndimalimira, mzere umodzi kenako kuwongola msana. Koma ndimalemba ndikuimba, poti ndine munthu wa nyimbo. Pamtondo ndimaimba, paukwati ndine woyambitsa, ngakhale mbuzi zikalowa m'dimba ndimazipirikitsa ndi nyimbo. Lero ndilembe za bodza langa, bodza la masamba a gwafa, limene linatsala pang'ono kundidyera mng'ono wanga.

Tinabadwa asanu ndi awiri m'mimba imodzi, tatsala awiri, ine ndi mzime wa amayi. Nyumba zathu zayang'anizana, kuno kwa Zulu, kumalire kwenikweni, kumene tambala wa ku Zambia amadzutsa anthu a ku Malawi. Iye ndi wofatsa, ine ndine wa pakamwa. Iye akamalima samveka, ine ndikamalima mudzi wonse umadziwa.

Chaka china mng'ono wangayo anayamba ludzu. Madzi chikho, madzi chikho, ngati ng'ombe ya mwezi wa dzuwa. Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri. Kuchipatala chathu chaching'ono anamubaya chala ndi kamakina, nati ndi shuga. Anamupatsa timapiritsi toyera, tam'mawa ndi tamadzulo, ndi kabuku koyenda nako mwezi ndi mwezi. Ine ndinayang'ana timapiritsito, tating'ono ngati mapira, ndinati mumtima, tinthu timeneti tingalimbane ndi nthenda yoti yadya munthu theka? Ndinatenga kampeni kanga, ulendo kumtengo wanga.

Mtengo umenewu dzina lake sindilemba pano. Anandisonyeza ndi azakhali anga, nditabereka mwana wachiwiri, nditawapatsa thadzi lakuda. Uli m'kakhwawa ka pamalire, mizu kuno, mthunzi uko. Azakhali anandipatsa ndi malamulo ake omwe. Mtengo wa mankhwala sulozedwa ndi chala. Khungwa umasenda kum'mawa ndi kumadzulo kokha, ukatha umamata dothi pabala kuti upole. Ndipo lamulo lalikulu ndi ili: mankhwala akadziwika ndi ambiri amasuluka, ndiye wofunsa usamukanize, poti wokanizidwa amakutsata m'mbuyo. Mupatse china, chosapha, chosachiza, apite akusekerera. Azakhali anga anapereka makungwa a mango kwa anthu ofunsa mpaka kufa kwawo, ndipo onse anawathokoza.

Choncho mng'ono wanga ankamwa ziwiri. Mapiritsi a kuchipatala, ndi kapu ya madzi owawa a kwa ine. Ludzu linatha, masaya anabwerera, ine nyimbo pakamwa. Ndinkati ndi mtengo wanga wagwira ntchito, mapiritsi angoperekeza.

Tsiku lina mlangizi wa zaumoyo anabwera panjinga, nalengeza kuti onse odziwa mizu ndi zitsamba apite kuchipatala Lachinayi, aliyense atenge zimene amapatsa anthu. Anati akuluakulu a zaumoyo a m'maiko onse anagwirizana kuti mankhwala a makolo asatayidwenso, koma aonedwe bwino, abwino alowe pakhomo, oipa atuluke. Anati ndi pawailesi pomwe ananena.

Ine ndinamvetsera ndi khutu limodzi, linalo linali pa zakale. Si omwewa kodi amene anatiletsa uzamba? Ine ndalandira ana ndi manja awa, ena lero ndi aphunzitsi, ena akuyendetsa malole a ku Chipata. Tsiku limodzi anangoti basi, azamba manja m'thumba. Tinamvera. Ndiye lero omwewo ati bwerani ndi mizu yanu, tikukufunani. Fisi akayamba kupatsa moni mbuzi, mwini mbuzi amakonza khola. Komanso ndinali nditaona kumsika wa pamalire anyamata a zimkuzamawu, akugulitsa timabotolo ta zithunzi zokongola, akuti mizu ya makolo, yochiza mutu, msana, banja ndi ulesi omwe. Ndinati ndazindikira. Atenga mtengo wanga, akauthira m'botolo, abwera kudzandigulitsa ndili pamphasa.

Lachinayi lija ndinadzuka, ndinathyola masamba a gwafa wa kuseri kwa bafa, ndinasendako kakhungwa kake, ndinamanga pakansalu koyera bwinobwino ngati chinthu cha mtengo wapatali.

Tinakhala pakhonde la chipatala anthu ngati khumi. Anatipatsa fanta ndi mabanzi. Fanta waulere ine ndimamwa, koma ndimamwa maso ali pa wopereka. Panali namwino wathu, mayi wa kumpoto, wamfupi, wa Chichewa cholumpha ngati njinga pamizere. Ndiye ankayang'anira anthu a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Panalinso bambo wina wochokera ku Zomba, wodziwa mitengo, wa magalasi, atanyamula nyuzipepala zakale ndi timatabwa. Aliyense akamasula kamtolo kake, bamboyo ankanunkhiza, kutembenuza tsamba, kulipana pakati pa nyuzipepala, namwino n'kulemba m'buku lalikulu.

Itafika nthawi yanga ndinamasula kansalu pang'onopang'ono. Bambo uja sananunkhize n'komwe. Anamwetulira, nati uyu ndi gwafa, agogo. Ndinati eya, ndi yemweyo, wa makolo. Namwino anandifunsa ngati ndi zimenezi zimene ndimapatsa mng'ono wanga, poti ankatidziwa tonse awiri. Ndinavomera osaphethira. Iye ndi bambo uja anakambirana m'Chingerezi pang'ono, kenako namwino anati gwafa sakumuopa kwenikweni, bola kapu imodzi patsiku. Mwezi wotsatira analemba m'kabuku ka mng'ono wanga, patsamba loyamba, ndi cholembera chofiira. Ndinawerenga ndekha, chilembo ndi chilembo: gwafa.

Pobwerera ndinayenda ndi nkhalamba ina ya cha ku Guilleme, yodziwika ndi mankhwala a chifuwa. Titapitirira chigayo inayang'ana uku ndi uku, n'kundiuza kuti iyo yapereka makungwa a mango. Ina ya mphumu, inatero, yapereka mizu ya papaya. Tinaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Buku lalikulu la boma, lachikuto cholimba, lodzaza ndi zipatso. Ndinafika kunyumba ndikuvina, ndikuimba kanyimbo kanga kongopeka: wafuna muzu ndam'patsa tsamba, wafuna tsamba ndam'patsa moni.

Mvula inabwera, inapita. Inafika nthawi yokumba mtedza. M'mawa wina tili m'munda wa mng'ono wanga, dzuwa lisanafike pamutu, ndinaona khasu lake lagwa lokha. Anakhala pansi pamzere, thukuta lili chuchuchu koma thupi lozizira ngati mtsuko. Manja akunjenjemera. Ndinamuitana, anandiyankha za nkhuku zimene zinafa kalekale. Tinamukweza pangolo ya aneba, ng'ombe zikuyenda ngati zikupita ku ukwati wa eni, ine ndikuzitukwana ndi mayina a makolo awo.

Namwino anabaya chala, anayang'ana kamakina, anathamanga. Anati shuga watsika kwambiri, wafika pansi penipeni. Anamuika diripi, ndipo pasanapite nthawi mng'ono wanga anatsegula maso nafunsa amene watsala ndi mtedza. Kenako mafunso. Kodi anadya m'mawa? Anadya mbatata. Kodi anabwereza mapiritsi? Ayi. Kodi pali china akumwa? Namwino anatsegula kabuku, naona cholembera chake chofiira, nadziyankha yekha kuti gwafa yekha sangagwetse munthu chonchi. Ine ndinali chilili pamenepo, ndikuyang'ana kalendala ya pakhoma ngati ndimadziwa kuwerenga masiku. Anachepetsa mapiritsi, tinabwerera.

Apa ndi pamene ndinachita uchitsiru wachiwiri, waukulu kuposa woyamba. Mantha atandigwira, ndinasiya kumupatsa khungwa lija, osauza munthu. Ndinati mtengo wayamba ukali, tiupumitse. Patapita masabata atatu ludzu linabwerera. Kuchipatala kamakina kanati shuga wakwera mpaka kudenga. Namwino anagwira mutu, anabwezera mapiritsi pakale, nawonjezerapo kena. Ine kuona mng'ono wanga akumwa madzi chikho ndi chikho, ndinati mwaona, ndachotsa mtengo wanga nthenda yadzuka. Komanso mumtima ndinkakayika, kuti kapena namwinoyu akuyesera dala mapiritsi atsopano pa ife akumudzi. Ndinatenga kampeni, ulendo kukhwawa. Nthawi imeneyo kunali kutauma, khungwa linatuluka lofiirira, lowawa kufika m'makutu.

Ngolo imodzi, oyendetsa awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, osaonana. Uyu akakokera kumanja, uyo akukankhira kumanja komweko. Wokwera ndiye mng'ono wanga.

Anagwanso Lamlungu, tikutuluka m'tchalitchi, pamaso pa amayi onse a bungwe. Ulendo uno sanalankhule za nkhuku, sanalankhule chilichonse. Maso anatembenuka. Anamutengera pa njinga yamoto ya kabaza, atamumangirira ndi chitenje kumsana kwa mdzukulu wa aneba, ine ndikutsatira pa ina, mpango uli m'manja. Anadzuka dzuwa litapendeka.

Namwino tsiku limenelo sanaseke ndi munthu. Anakhuthula mapiritsi a mng'ono wanga pathebulo, nawawerenga awiriawiri ndi nsonga ya cholembera. Anali okwanira ndendende. Komabe anamukalipira. Anati mwina mumadumpha chakudya, mwina mumasala kudya osandiuza, mwina mumamwa a mnzanu. Anati kugwa kwachitatu mwina sadzadzuka, ndipo iye sakudziwanso kuti akweze kapena atsitse, poti manambala akuvina ngati alowa mizimu. Mng'ono wanga anangoti pepani, anamwino, pepani. Anasenza mlandu wanga ngati mtolo wa nkhuni, osandiyang'ana n'komwe.

Namwino atatuluka tinatsala awiri. Ndinayamba kumukonzera chitenje kumapazi, ndikung'ung'udza kanyimbo kuti chete asandilume. Anandigwira dzanja.

"Akulu, gwafa ndimamudziwa, ndakula naye. Gwafa saluma lilime chonchija."

Ndinati nanga bwanji sunanene.

"Mtengo ndi wanu, anakupatsani ndi azakhali. Sindingaulule za eni. Koma thupili ndi langa, akulu. Mukafuna kusunga mtengo, sungani, ine mundisiye ndi mapiritsi okha. Mukafuna ndizimwa, kawauzeni. Ziwirizi pamodzi mundiika m'manda mukuimba."

Mzime wa amayi, amene ndinamubereka kumsana, amene sanandiyankhepo chibadwire. Ndinasiya kanyimbo kaja, ndinatuluka kukafuna namwino.

Ndinamupeza namwino kumpopi akusamba m'manja. Ndinamuuza zonse, za gwafa wa kuseri kwa bafa, za masabata amene ndinasiya, za tsiku limene ndinayambiranso. Ndinkadikira kuti aitana apolisi. Anatseka mpopi, anakhala pa kakhoma, nawerenga masabata ndi zala zake, milomo ikuyenda. Kenako anati tsopano manambala asiya kuvina. Anandifunsa chifukwa chake ndinanama. Ndinamuuza za lamulo la azakhali, za uzamba, za timabotolo ta kumsika. Anati kwawo kumpoto agogo ake nawonso anali ndi mtengo wawo, ndipo anamwalira nawo osauza munthu. Sanandiuze ngati zimenezo zinali zabwino kapena zoipa.

Anati afuna awuone mtengo wanga. Ine ndinaika malamulo anga: abwere yekha, wapansi, asaloze ndi chala, lamya isiyidwe kunyumba. Anavomera zitatu, chachinayi anakana. Anati popanda chithunzi ndi tsamba bambo wa ku Zomba sangadziwe kanthu, ndipo iye sanabwere kudzaona mtengo ngati mlendo wa ku tauni. Ndinamufunsa kuti chithunzicho chikafika ku Zomba chipita kuti. Anati sakudziwa. Ndinamufunsa ngati mtengowo ukapezeka wamphamvu adzalemba kuti unachokera kwa ine ndi kwa azakhali anga. Anati iye alemba, koma za amene ali pamwamba pake sangalumbire. Mayankho amenewa sanandikondweretse, koma ndinaona kuti wabodza akadandilonjeza ng'ombe.

Tinapita Loweruka m'mawa. Anavala nsapato zake zoyera za kuntchito, ndipo tinadutsa pakati pa mudzi, amayi ali pamjigo. Ndinawauza kuti tikukaona dimba. Mjigo unasiya kulira.

Pamtengo paja anachita ulemu, sanaloze. Anayang'ana zipsera zanga zonse, zakum'mawa ndi zakumadzulo, zomatidwa dothi, zina za azakhali zitapola kalekale. Anafunsa kuti ndimasenda lalikulu bwanji. Ndinamuonetsa chikhatho. Madzi ochuluka bwanji? Kam'phika kanga ka nyemba. Kuwira nthawi yotani? Mpaka nditamaliza kusesa pabwalo. Nanga kuwawa kwake n'kofanana chaka chonse? Ndinati ayi, la dzinja ndi lofatsa, la chilimwe ndi laukali. Anagwedeza mutu.

"Agogo, ine sindikuti mtengo wanu ulibe mphamvu. Ukadakhala wopanda mphamvu sindikadauopa. Koma piritsi langa la lero ndi la mawa ndi amodzi. Kapu yanu ya lero ndi ya mawa ndi anthu awiri osiyana."

Ndinati zoona, mwana wanga, koma piritsi lako lija miyezi ina timalipeza latha, mumatiuza kuti tikagule kuboma. Mtengo uwu sunandiuzepo kuti bwerani sabata yamawa.

Anaseka, koyamba chiyambire nkhaniyi. Anati pamenepo ndamugwira pakhosi. Anathyola kanthambi ka masamba ndi timbewu take, anajambula, ine ndikuyang'ana kumbali ngati munthu amene mwana wake akumubaya jakisoni. Ndinapepesa kwa azakhali chamumtima. Pobwerera tinagwirizana kuti mng'ono wanga asiye khungwa mpaka yankho litabwera, ndipo mapiritsi akadzasowa ndisathamangire kukhwawa, ndiyambe ndafika kwa iye.

M'kabuku muja anakhwatcha gwafa ndi mzere umodzi. Patapita miyezi analembapo mawu ena aatali, awiri, amene bambo wa ku Zomba anatumiza palamya. Ndinayesa kuwawerenga, lilime linakana. Akuti ndilo dzina la mtengo wanga m'mabuku a dziko lonse. Ndinadabwa kuti kani unali ndi dzina kale kwa anthu amene sanaupatsepo thadzi. Koma yankho lenileni, loti kapu ikhale yotani, loti ungayende limodzi ndi mapiritsi kapena ayi, mvula yagwa kawiri lisanabwere. Ndikafunsa, namwino amati zoyeza zimafuna nthawi ndi zipangizo. Ine ndimati fanta uja anabwera msanga.

Za mtengo, ndinapitako mwezi wa masika wapitawu kukangouona. Ndinaupeza wosendedwa kuzungulira, kuyambira m'chiuno mwanga mpaka pamene dzanja la mwamuna wamtali lingafike, woyera ngati fupa. Wosendayo sanadziwe za kum'mawa ndi kumadzulo, sanamate ndi dothi lomwe. Ndani? Mwina chithunzi chija chinayenda m'malamya mpaka kwa anyamata a timabotolo. Mwina ndi amayi a pamjigo, amene anatsata mapazi a nsapato zoyera. Mwina ndi a tsidya lija, poti mthunzi unali wawo. Namwino analumbira kuti si iye, ndipo ndimamukhulupirira masiku ena. Ndinakanda dothi, ndinamata pamene ndinatha kufika, ngakhale ndimadziwa kuti mtengo wovulidwa chonchija sumva dothi. Ndinatola timbewu tinayi pansi. Tiwiri tamera, ndipo pamene tamera sindilemba.

Nkhalamba ya ku Guilleme ija ndinakumana nayo pamaliro. Ndinaikokera pambali, ndinaiuza zimene gwafa anandichita, kuti mango ake aja akadali m'buku ndipo anthu ake a chifuwa ena amamwanso za kuchipatala. Inandifunsa kuti mtengo wanga uli bwanji tsopano. Ndinaiuza zoona. Inati ndiye mwandiyankha kale, mayi. Sindikudziwa ngati inapita kukakonza. Ndikakumana ndi namwino ndimafuna kumuuza kuti buku lake lalikulu alitsegule ndi maso awiri, koma za eni sindiulula, nanenso ndine mwana wa azakhali. Ndinangomuuza kuti munthu akakubweretsera chipatso pakansalu koyera, umufunsenso kachiwiri mulibe anthu.

Mlangizi uja anabweranso chaka chino, njinga yomweyo, uthenga womwewo, akuti kulinso kulembetsa. Ndili nayo mitengo ina iwiri imene azakhali anandisiyira, wa zilonda ndi wa mano. Ndinamuuza kuti akabweze kaye yankho la woyamba. Gwafa sindidzaperekanso, zimenezo ndalapa. Koma kusanama ndi kupereka si chinthu chimodzi.

Mng'ono wanga sanagwenso. Dzulo tinali pabwalo pake tikuthothola mtedza, iye mulu wake, ine wanga, wake ukukula msanga poti ine manja amaima pakamwa pakayamba. Anandiponyera kamtedza kopanda kanthu m'kati, nati landirani, asing'anga a gwafa, mukalembetse kuboma. Ndinamuuza kuti mzime alibe ulemu, amayi anamulekerera. Anati imbani kanyimbo kanu kaja ka muzu ndi tsamba. Ndinati kameneko ndinakakwirira. Ndinayambitsa ina ya kumtondo, yakale, ya amayi athu, ndipo iye, amene saimba, anandilandira.